Malamulo a kalasi ya bayoloje: ndisiye ati, ndichotse ati?

mphunzitsi_watsopano

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa choko. Telemu ikubwerayi andipatsa bayoloje ku sekondale, ana a zaka za m'ma 15, 16 amenewa, ndipo nkoyamba kuti ndikhale ndi kalasi yangayanga kuyambira tsiku lotsegulira mpaka mayeso. Nde ndakhala pansi kulemba pepala loti ndidzawagawire tsiku loyamba, la zomwe ndikuyembekezera kwa iwo komanso malamulo a m'kalasi ndi mu labu, koma pepala lija likungotalika, panopa lafika masamba atatu ndipo sindinamalize. Muli za kuchedwa, foni, homuweki, kukopera, kudya mu labu, kavalidwe pa pulakitiko, kagwiridwe ka maikulosikopu, mpaka za kuseka tikadzafika pa mutu wa kubereka. Mnzanga wa masamu ataliona anangoseka, akuti palibe mwana angawerenge zonsezi, iye malamulo ake ndi atatu basi ndipo kalasi imayenda. Koma masamu mulibe moto, mulibe mpeni, mulibe asidi eti? Funso langa nali, pa zonsezi ndisiye ziti ndichotse ziti? Komanso pepala lotere mumasainitsa ana ndi makolo kapena mumangowerenga m'kalasi basi? Ndikuopa kuyamba mofewa ana nkuyamba kundiderera, komanso sindikufuna kuti tsiku loyamba lomwelo aone ngati alowa ku polisi.

mayi_bayo

Takulandirani aphunzitsi. Mnzanu wa masamuyo sakunama kwenikweni, masamba atatu tsiku loyamba ana amamva mzere woyamba ndi womaliza, zapakatizo zimangodutsa. Koma musataye, gawani pawiri.

Za m'kalasi zikwane tsamba limodzi, ndipo zambiri sukulu ili nazo kale, za kuchedwa, yunifolomu, foni, musalembenso zanuzanu zosiyana ndi za ahedi chifukwa tsiku lomwe mudzalange mwana ndi lamulo lanu lokha kholo nkubwera, mudzatsala nokha. Zomwe ana amafunadi kumva tsiku loyamba ndi izi, malikisi agawidwa bwanji pakati pa mayeso, homuweki ndi mapulakitiko, homuweki yochedwa mumalandira mpaka liti, amene wajomba pulakitiko chifukwa chodwala abweza bwanji, ndipo azibwera ndi chani, kope la manotsi, kope lina la labu, pensulo, lula. Mulembenso mbali yanu, kuti makope ndizibweza nditachonga sabata isanathe, mayeso ndizinena msanga kuti achokera mitu iti. Ndipo mukalemba muzichitadi. Ana amenewa tanthauzo la osmosis amaiwala koma zomwe mphunzitsi analonjeza saiwala.

Za mu labu ndi nkhani ina. Ine pachitseko ndimamata zochepa zomwe sizisintha chaka chonse: osalowa mphunzitsi kulibe, osadya, osamwa, osalawa kanthu, tsitsi lalitali limangidwe, nsapato zotseka, zikwama pansi pa benchi osati m'njira, china chikasweka kapena kutayika nenani pompo, sambani m'manja potuluka. Zina zonsezo ndimaphunzitsa tsiku la pulakitiko yakeyo, chinthucho chili patebulo akuchiona ndi maso, ndipo lamulo lililonse limabwera ndi chifukwa chake, apo ayi mwana amaona ngati ndi nkhanza zanu chabe ndipo mukatembenuka amachita.

Mwachitsanzo tsiku loyeza sitachi mu tsamba. Tsamba lija timaliviika kaye m'madzi owira, kenako liyenera kulowa mu ethanol, sipiliti wa mu labu wosachedwa kugwira moto uja, kuti kubiriwira kuchoke ayodini aoneke bwino. Mukangoti "musayandikize ethanol ku moto" amamva koma sizilowa. Ine ndimaima kaye, ndimawauza kuti ethanol amawira pa madigiri 78, madzi amene angowira kumenewa ndi otentha kuposa pamenepo, ndekuti moto sukufunikanso, tizimitse ma Bunsen onse, timbaula ta mu labu tija, kaye ndipo botolo la ethanol silichoka patebulo langa mpaka nditaona ndekha kuti lawi lililonse lazima. Ndimawauzanso kuti lawi la ethanol ndi labuluu wofooka, masana m'chipinda chowala silioneka bwino, umatha kupsa usanadziwe kuti pali moto. Akamva zimenezo amadzudzulana okha, umangomva wina akuti iwe zimitsa kaye. Chubu chomwe muli tsamba ndi ethanol chimaima mu bika ya madzi otentha, ethanol amayamba kuwira yekha nkusanduka wobiriwira, tsamba limatuluka loyera louma gwa, amalifewetsa m'madzi ofunda, kudontheza ayodini, pomwe pali sitachi pamada bii mobuluwira. Phunziro ndi lamulo zalowera limodzi.

Chimodzimodzi magalasi oteteza maso. Ana amadana nawo, akuti amatentha, amachita nthunzi. Koma Biuret yoyezera mapuloteni ija muli sodium hydroxide, ikalowa m'diso imawononga ndithu, ndipo tsiku limenelo wopanda magalasi amakhala pambali nkumaonerera anzake. Muwasonyeze mpopi kapena botolo lotsukira maso lili pati musanayambe, ndipo adziwe kuti kutsuka kwake ndi mphindi 15 kapena kuposa, osati kungowaza nkumapita. Potenthetsa Benedict yoyezera shuga ija gwiritsani madzi otentha mu bika, ndipo kukamwa kwa chubu kusaloze nkhope ya munthu.

Kusainitsa, ine ndimasainitsa za labu zokha, mwana ndi kholo, pansi pake pali mpata woti kholo lilembe ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena ziwengo, monga za magolovesi a latex. Mpata umenewo ndi wofunika kuposa siginecha yeniyeniyo.

wa_mu_sitolo_ya_labu

Ine si mphunzitsi, ndine amene ndimakonza zida musanabwere nkudzatsuka mukapita, nde ndilankhula za zida zanga kkkk. Madamu anena bwino koma pa maikulosikopu pokha aphunzitsi musadikire tsiku la pulakitiko yeniyeni, patulani peliyodi yonse yongophunzira kuigwira, aone olo kachilembo kodulidwa mu nyuzipepala, adabwe kuti kakuoneka chadodolido ndipo ukakankha silaidi kumanja chithunzi chikupita kumanzere.

Malamulo ake ndi ochepa. Kunyamula ndi manja awiri, lina pa mkono lina pansi. Kuyamba nthawi zonse ndi lenzi yaifupi, ya x4 kapena x10, upeze kaye chinthucho chikhale pakati kenako ukwere. Ukafika pa x40 chopotokola chachikulu chija usachikhudzenso, kakang'ono kokha, chifukwa pamenepo mpata wa lenzi ndi galasi sukwana olo milimita imodzi, kupotokola kamodzi kokha umangomva phwa silaidi yasweka lenzi yakandika, ndipo lenzi yokandika siichira, kalasi iliyonse yobwera pambuyo idzaona mzere womwewo. Kupukuta lenzi ndi pepala lake la lenzi, osati malaya, osati tishu, osati chala chonyowetsa ndi malovu, ndaziona ndi maso angawa. Akamaliza abweze pa lenzi yaifupi, achotse silaidi, aphimbe. Masilaidi oiwalika pa maikulosikopu ayodini ataumirapo ndi amene amanditopetsa kwambiri.

Tsono lamulo loti chikasweka nenani lija, likhala la pakamwa chabe ngati amene wanena yekha kuti waswayo mukumukalipira pagulu. Mwana akaona mnzake watukwanidwa chifukwa cha chubu chimodzi, iye chake akaswa amakankhira magalasi mu sinki kapena mu bini ya mapepala mwakachetechete, ndipo amene amadzachekedwa ndi amene akutsuka, kapena mwana wa kalasi yotsatira. Auzeni poyera kuti woswa mwangozi nkunena palibe mlandu, wobisa ndi wosewera ndi amene ali ndi mlandu. Magalasi osweka ali ndi bokosi lake, amasesa ndi burashi, osati manja.

Ziwiri zomwe ndikupemphani zilembedwe ndi zilembo zazikulu. Choyamba mbale za Petri. Mukamameretsamo mabakiteriya, chivindikiro chimatidwe ndi tizidutswa ta tepi tiwiri kapena tinayi osati kuzunguliza konse, kuti mpweya uzilowabe, chifukwa mukatseka ndi ndi ndi mukukomera mabakiteriya osafuna okosijeni ndipo ena mwa iwo ndi oopsa. Zisungidwe pa madigiri 25 osapitirira, osati 37, poti 37 ndi kutentha kwa thupi la munthu, mukhala mukulera tizilombo tomwe timakonda ife. Zikamera palibe kutsegula, amaona kudzera pa chivindikiro, ndipo asakatenge zopaka ku chimbudzi kapena m'mphuno ayi. Kutaya kwake ndi ntchito yanga, ndimaziphika kaye mu autoclave, mphika wa nthunzi wophera tizilombo, pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Chachiwiri magazi. Ana amafunitsitsa kudzibaya chala kuti aone maselo awo, akaneni, singano imodzi ikadutsa zala ziwiri mwatsegula njira ya hepatitis B ndi HIV. Alipo masilaidi a magazi okonzakonza ochokera ku fakitale, aone amenewo.

chloro_phil

Ine ndibwera mbali ina. Ndimathandiza ophunzira a chaka choyamba ku koleji pa mapulakitiko, nde ana anuwo akachoka kwa inu amafikira kwa ife. Za chitetezo timawaphunzitsanso sizivuta, chomwe chimavuta kuchotsa ndi chizolowezi cholemba zomwe buku likunena m'malo mwa zomwe aona. Pepala lanulo aphunzitsi likanakhala ndi lamulo limodzi lokha la bayoloje yeniyeni, ine ndikanati likhale ili, lemba zomwe waona.

Mumupatsa khungu la anyezi pa x100, iye akujambula selo lokongola lili ndi mitochondria, ma ribosome, chilichonse, pomwe pa maikulosikopu ya kusukulu chomwe chikuoneka ndi makoma a maselo, nyukiliyasi ngati wathira ayodini bwino, mwina ndi malire a cytoplasm basi. Wina mpaka amajambulamo ma chloroplast, mu anyezi wa pansi pa dothi amene alibe nkomwe. Ndipo wina amajambula mosamala kwambiri zozungulira zakuda m'mbali nkulemba kuti selo, pomwe ndi thovu la mpweya chifukwa kagalasi kophimbira anangokagwetsa m'malo mokatsitsa pang'onopang'ono mopendeka. Koma kunena zoona wa thovuyu ine amandisangalatsa kuposa wa mitochondria uja, iyeyu anayang'anadi, kumukonza nkosavuta.

Nde muwauze kuyambira pachiyambi kajambulidwe: pensulo yosongoka, mizere imodziimodzi yosadukaduka, osapaka mthunzi, chithunzi chachikulu chotenga theka la tsamba, mizere ya malebo ndi lula yosadutsana, mutu, ndi kukula kwake, lenzi ya kudiso x10 kuchulukitsa ndi ya pansi, x10 kuchulukitsa ndi x40 kumapereka x400. Maselo atatu anayi ojambulidwa bwino akwana, osati kudzaza tsamba.

Pa manambala ndi chimodzimodzi. Pulakitiko ya mbatatesi m'madzi a shuga, gulu lina kachidutswa kawo kamodzi kalemera pomwe kamayenera kupepuka, amafufuta nkulemba nambala ya gulu loyandikana nalo. Amachita zimenezi chifukwa amadziwa kuti malikisi ali pa yankho lolondola. Mukafuna zithe, malikisi achoke pamenepo apite pa kufotokoza, mwana amene walemba nambala yachilendo nkunena kuti mwina sitinapukute kachidutswaka tisanayeze, kapena tinasokoneza mabika, apate kuposa amene tebulo lake lili bwinobwino mokayikitsa. Zotsatira zilembedwe ndi bolopeni nthawi yomweyo mu kope la labu, akalakwitsa adule mzere umodzi zakalezo ziziwerengekabe. Auzeni za Mendel, amene anafufuza za chibadwa chochokera kwa makolo, pa nsawawa zake anapeza 5,474 zosalala ndi 1,850 zokwinyika, ukagawa ndi 2.96 kwa 1, osati 3 kwa 1 ndendende, ndipo analemba manambala omwewo mu 1866. Wasayansi wina, Fleming, naye mu 1928 ku London, mbale yake ya mabakiteriya inalowa nkhungu, kwa mwana wofuna malikisi imeneyo ndi pulakitiko yolephereka yofunika kubisa, koma iye anayang'ana kuti bwanji mozungulira nkhungumu mabakiteriya sakumera, mankhwala a penicillin nkuyambira pamenepo.

wa_mu_sitolo_ya_labu

Zoona achimwene, koma ma Fleming anuwo aziyang'anira kunja kwa chivindikiro, mu labu mwanga asatsegule kkkk

kholo_la_atatu

Pepani ndalowerera za aphunzitsi, ine ndine kholo chabe. Malamulo onse mwatchulawa ndi a ana, ine ndikupempha limodzi likhale la inu aphunzitsi. Mukafika pa za chibadwa chochokera kwa makolo, musatume ana kuti akafunse gulu la magazi la bambo ndi mayi awo nkudzajambula m'kalasi. Kalasi iliyonse muli ana oleredwa ndi ena, ana amene bambo awo si amene akuwadziwawo, ndi makolo ambiri amene gulu lawo la magazi amangoliganizira sanayezetsepo. Mwana waphunzira kuti O ndi O sabereka A, kunyumba amuuza kuti tonse ndife O, iye khadi lake likuti A, mukuganiza kuti usiku umenewo kugonedwa? Mwinanso palibe chobisika chilichonse, bambo angoiwala. Ndipo wina amasokonezeka pa zolondola zomwe, poti bambo A ndi mayi B atha kubereka mwana O bwinobwino. Gwiritsani mabanja ongopeka a m'buku.

Komanso mukamaphunzitsa za chialubino kapena matenda a magazi a sickle cell, kumbukirani kuti mwina mwana wake ali pomwepo pa desiki yachitatu, kalasi yonse nkutembenuka kumuyang'ana. Lamulo likhale loti sitipereka chitsanzo cha munthu wa m'kalasi muno kapena m'bale wake. Chomwe chingamuthandize mwana ameneyo nkuti anzake amve bwino kuti makolo onse awiri amakhala atanyamula jini imeneyo osadziwa, ndipo mimba iliyonse mwayi ndi umodzi pa inayi, si tsoka la mayi kapena la bambo.

Za kuseka pa mutu wa kubereka, chotsani pa pepala lanu, adzaseka basi olo mulembe ndi zilembo zofiira. Mwana wanga wamkulu mphunzitsi wawo ankawalola kuseka tsiku loyamba mpaka atope, kenako anaika katoni kumbuyo koponyamo mafunso osalemba dzina, ndipo aliyense ankaponya kapepala olo kopanda kanthu kuti asadziwike wafunsa ndani. Choletsedwa chinali kuseka munthu amene wafunsa.

sala_wakale

Ine pa foni nditsutsana ndi madamu pang'ono. Akuti tsatirani za sukulu, chabwino, koma olo sukulu ikuloleza, mu labu foni isatuluke. Dzanja lomwe lagwira chiwindi chosaphika pa pulakitiko ya catalase ndi lomwe likugwira foni, foni yomweyo pa buleki ili pa tsaya, kusamba m'manja kuja kwapita pachabe. Ena amati ajambule zomwe akuona pa lenzi, ayi, akajambula ndi foni sayang'ananso, amati ndikaonera kunyumba. Ngati mukufuna chithunzi jambulani inuyo chimodzi cha kalasi yonse.

Za kukopera musataye mzere wautali, masiku ano homuweki amakopera pa intaneti mpaka mawu oti iye mwini sangawatchule. Ine ndimangoti ntchito iliyonse wapereka nditha kukuimika kuti uifotokoze ndi pakamwa kope litatsekedwa, ukakanika ndekuti si yako. Ndimasankha awiri atatu mwachisawawa, osati okayikitsa okha ayi, anzeru omwe. Ndipo musaope kuyamba molimba, chomwe ana amaderera si kufewa koma lamulo logwira Lolemba nkusagwira Lachinayi, kapena logwira wina nkulumpha wina. Lomwe mukudziwa kuti simungalilondole tsiku ndi tsiku, lifufuteni panopa.

mphunzitsi_watsopano

Zikomo kwambiri nonse, ndayamba kale kudula, za magulu a magazi zija zinalidi pa pulani yanga ya telemu yachitatu ndazichotsa. Funso lina lomaliza, pa kutumbula. Silabasi ili ndi mtima ndi mapapo a nyama, nanga mwana akakana kugwira, kaya chifukwa cha chipembedzo kaya mseru chabe, mumamukakamiza kapena amataya malikisi? Ndipo mipeni ija mumapatsa aliyense?

mayi_bayo

Osakakamiza aphunzitsi. Nenani sabata imodzi zisanachitike kuti ndi nyama yanji, amene ali ndi vuto akuuzeni payekha. Malikisi ali pa kudziwa kuti khoma la ventricle ya kumanzere, chipinda cha pansi cha mtima, ndi lochindikala kuposa la kumanja chifukwa imapopera magazi thupi lonse pomwe inayo imangofikitsa ku mapapo, zimenezo atha kuphunzira pa chithunzi kapena pa mtima wa pulasitiki, kapena akhale wolemba wa gulu lake ataima chapatali. Ambiri okana aja pakatha mphindi khumi mumawapeza ayandikira okha akufuna kulowetsa chala mu mtsempha waukulu uja wa aorta. Amene mumuyang'anitsitse ndi wodzitama uja amene wangoti zii nkhope yatuwa, mukhazikeni pansi msanga asanagwere pa benchi. Ndipo palibe kuseweretsa ziwalo kapena kuopsezera nazo atsikana, wochita zimenezo amatuluka nthawi yomweyo. Mapapo musalole mwana kuwauzira ndi pakamwa, pali pampu.

wa_mu_sitolo_ya_labu

Mipeni ayi, gulu lililonse umodzi, ndipo zambiri sizasi imakwanira, pa mtima sizasi imadula bwino kuposa mpeni m'manja mwa mwana. Wodula ndi mmodzi, chiwalo chili pa thireyi osati m'dzanja, kudula molozetsa kutali ndi thupi, anzake manja kumbuyo. Kuchotsa kapena kuika lezala pa chogwirira chake ndi ntchito yanga, mwana asayese. Ndimawerenga popereka ndimawerenganso polandira, umodzi ukasowa palibe akutuluka olo belu lilire. Mundiuze tsiku lake msanga kuti ndipeze malo mu filiji, mitima ikafika dzulo lake imafuna pozizira.